Ndikubwera, Tsache!

Uyu ndi Kamphepo. Kamphepo sakhala pansi. Akadzuka, amathamanga. Akamadya, miyendo imavina pansi pa tebulo. N'chifukwa chake anamutcha Kamphepo.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona mlongo wake.

Amayi ake anali kuchipatala. Anali ndi khanda lalimuna. Mwanayo anabadwa wamng'ono kwambiri. Anamwino anati akhale kaye komweko.

Azakhali anamuona kale mwanayo. Mayi wogulitsa makala anamuona kale. Ngakhale wometa wa pakona anamuona. Koma Kamphepo anali asanamuone. Zinkamuwawa kwambiri.

Bambo ake ankayendetsa lole. Anali kutali. Pakhomo panatsala Kamphepo ndi a Malume.

A Malume ankasoka nsapato pakhonde. Bondo lawo linkapweteka. Sankaseka kawirikawiri. Sankakhulupirira wotchi. Sankakhulupirira wailesi. Sankakhulupiriranso munthu wokonda kunena kuti "mawa".

M'mawa wina a Malume anamuitana.

"Iwe Kamphepo! Taima malo amodzi."

Kamphepo anaima. Koma phazi limodzi linkagundabe pansi.

"Lero tipita kuchipatala," anatero a Malume. "Geti amatsegula masana okha. Belu likalira, amatseka."

"Eee! Tiyeni, Malume! Tiyeni pompano!"

"Tipite ndi chiyani? Ndi mano akowo?"

A Malume analoza thumba. M'thumbamo munali matewera akuda. Anabwera nawo dzulo kuchokera kuchipatala.

"Chapa matewera. Aume. Tunga madzi. Sesa m'nyumba. Ukatha, tinyamuka."

"N'zochepa zimenezo!" anatero Kamphepo.

"Onse amatero," anang'ung'udza a Malume.

Kamphepo anatenga tsache. Anasesa pakhomo. Shwa, shwa, shwa! Kenako anaona ndowa.

"Ndikubwera, tsache!" anatero.

Anaponya tsache pansi. Ananyamula ndowa. Anathamangira kumpopi.

Mpopi unali waulesi. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono. Tho, tho, tho. Kamphepo anadikira. Anasinthanitsa mapazi. Anakanda khutu. Kenako anakumbukira matewera.

Anatseka mpopi.

"Ndikubwera, ndowa!"

Anathamangira kunyumba. Anakhuthulira matewera m'beseni. Koma m'beseni munalibe madzi. Sopo nayenso sankaoneka.

"Ndikubwera, beseni!"

Anayang'ana sopo pawindo. Panalibe. Anayang'ana pansi pa bedi. Anapeza mpira wake wotayika. Anaudunda kamodzi. Anaudundanso.

Panja panamveka mawu.

"Kamphepo! Kamphepo-o!"

Anali mnzake Chitete. Chitete ankadumpha kuposa ana onse. M'manja mwake munali chingwe.

"Bwera tidumphe!"

"Kamodzi kokha," anatero Kamphepo.

Anadumpha kamodzi. Anadumpha kawiri. Chingwe chinali kukoma. Dzuwa linali kukwera.

Tsache linali gone pakhomo. Ndowa inali yasa kumpopi. Beseni linali gwa, louma.

"Iwe Kamphepo!" anakuwa a Malume. "Matewera auma?"

Kamphepo anasiya chingwe. Anathamangira kumpopi. Anatunga timadzi tochepa. Sopo anamupeza m'kapu. Anachapa mofulumira. Anafinya mofulumira. Anayanika mofulumira.

Anakhudza thewera. Linali lonyowa. Anauzira mpweya. Fuu, fuu! Linali lonyowabe. Anayang'ana dzuwa.

"Fulumira, dzuwa!"

Koma dzuwa silitumidwa ndi mwana.

A Malume anadikira. Anadikiranso. Kenako anatenga ndodo yawo.

"Anula. Tipita nawo onyowa."

Ananyamuka. Kamphepo anali patsogolo. A Malume anali pambuyo. Ndodo inkati go, go, go. Thumba linkadontha madzi.

Anadutsa kwa wometa. Anadutsa pamalo okwerera basi. Chipatala chinaonekera. Ndipo belu linalira.

Ngee! Ngee! Ngee!

Kamphepo anathamanga. Anafika ali wefuwefu. Geti linali lotseka.

"Bambo mlonda, chonde! Ndikufuna kuona mlongo wanga!"

"Nthawi yatha, mwanawe."

"Ndingosuzumira basi!"

"Aliyense amati angosuzumira. Ubwere mawa."

Geti lilibe makutu. Geti lilibe chisoni. Likatseka, latseka.

A Malume anafika. Anapuma ndodo ili pachibwano. Anayang'ana geti. Anayang'ana Kamphepo.

"Bondo langa layenda ulele," anatero.

Kamphepo anaganiza za khanda. Kodi matewera ouma atsala angati? Mwina latsala limodzi. Mwina atha onse.

Pobwerera, Kamphepo anakwiya. Anamenya kamwala ndi phazi. Anazunguza thumba m'mwamba. Analizunguzanso. Thumba linang'ambika. Phwaa! Matewera onse anagwera m'matope.

"Basi," anatero a Malume. "Wamaliza ntchito."

Kamphepo anatola matewera akulira.

Atafika kunyumba, a Malume anamuitana. Analoza mwala wa pakhomo. Unali mwala waukulu wopalirapo mapazi.

"Waona mwala uwu?"

"Ndauona."

"M'mawa mthunzi wa khoma umaufunditsa. Dzuwa likamakwera, mthunzi umafupika. Mawa mthunziwo ukachoka pamwalapa, ine ndanyamuka."

"Nanga ine?"

"Ukakhala utatha ntchito, tipitira limodzi. Ukapanda kutha, utsala. Udzamuona ali ndi ndevu."

Kamphepo anakhala pakhonde. Miyendo inkagwedezeka. Maso anali pa a Malume.

A Malume anatenga nsapato yakuda. Inali itayasama kutsogolo. Anapaka guluu. Anaiika pambali. Anatenga nsapato yofiira. Anayamba kuisoka.

"Malume, mwaisiya yakudayo."

"Ndaisiya."

"Ndiye nanunso mwaiuza kuti ndikubwera!"

A Malume anakweza maso.

"Iwe ukati ndikubwera, umakhala ukupita. Ndiwo mawu abodza kwambiri padziko."

"Koma inu mwaisiya!"

"Ndaisiya ili pa ntchito. Guluu akuuma yekha. Safuna ine. Nanga tsache lako unalisiya likutani?"

Kamphepo anaganiza.

"Linkagona."

"Ndowa?"

"Inkagona. Mpopi ndinatseka."

"Beseni?"

"Linkagonanso."

"Ndiye ukundivutitsiranji? Ndisiye ndisoke."

A Malume anapitiriza kusoka. Atatha yofiira, anatenga yakuda ija. Guluu anali atagwira. Anaikhoma ndi nyundo. Kho, kho! Nsapato ziwiri zinatha pamodzi.

Kamphepo anatong'ola maso. Miyendo inasiya kugwedezeka. Kenako inayambiranso.

Anadumpha. Anatenga tsache. Anatenga ndowa. Anatenga beseni. Anaziimika pamzere.

"Imani bwino," anatero. "Ndikufunsani mmodzimmodzi."

Anayamba ndi tsache.

"Iwe tsache, ungasese wekha?"

Tsache linali chete.

"Sungathe. Iwe umafuna ine."

Anapita pa ndowa.

"Iwe ndowa, ungadzaze wekha?"

Ndowa inali chete.

"Ungathe! Bola mpopi ukhale wotsegula."

Anapita pa beseni.

"Inu matewera, mungachapike nokha? Ayi. Mungaume nokha? Eya! Koma mumachedwa. Ndiye inu mukhale oyamba."

Anakokera beseni kutsogolo. Ndowa anaiika pakati. Tsache analikankhira kumapeto.

"Walankhula ndi ndani?" anafunsa a Malume.

"Ndi antchito anga."

"Hm. Usawalipiriretu. Angathawe."

Madzulo kunachita mdima wa mvula. Mvula inayamba. Wa, wa, wa! Kamphepo anadandaula. Pamvula chovala sichiuma.

Kenako anaona madzi akutsika padenga. Anatenga ndowa. Anaitchera pansi pa denga.

"Ndikubwera, ndowa!"

Anakayang'ana sopo. Anamuika pafupi ndi beseni. Anapukuta chingwe choyanikira. Anatulutsa diresi lake labuluu. Analiika pampando. Nsapato anaziika pansi pake.

Anabwerera panja. Ndowa inali itadzaza.

"Malume! Ndabweradi!"

"Kamodzi sikawerengedwa," anatero a Malume.

Kamphepo anathira madzi m'beseni. Anasungunula sopo. Anaviika matewera.

"Gwira ntchito, sopo. Ine ndikukagona."

Kunacha. Kamphepo anadzuka tambala asanatope kulira. Anasuzumira panja. Mvula inali itatha. Mthunzi wa khoma unali wautali. Mwala wonse unali mumthunzi.

Anathamangira pa beseni. Matope anali atafewa. Anachapa. Chaka, chaka, chaka! Anatsukuluza. Anafinya. Matewera anayera mbee.

Anayanika limodzi. Anayanika lina. Anayanika onse.

"Ndikubwera, matewera! Dzuwa, ntchito ndi yako."

Ananyamula ndowa. Anathamangira kumpopi. Anatsegula. Tho, tho, tho.

"Ndikubwera, ndowa!"

Mpopi unali pafupi ndi khomo. Kamphepo anatenga tsache. Anayamba kusesa. Khutu limodzi linali kumpopi.

Ndowa yopanda kanthu imalira kwambiri. Ndowa yodzaza imalira motsitsa. Kamphepo ankamvetsera.

Anasesa kuchipinda. Shwa, shwa! Mpira uja unagubuduka kuchokera pansi pa bedi. Unaima pa phazi lake. Phazi linayabwa.

"Ayi," anatero Kamphepo. Anaukankhira pakona.

Anasesa pabalaza. Shwa, shwa! Anasuzumira pawindo. Mthunzi unali utafupika. Mphuno ya mwala inali padzuwa.

Panja panamveka mawu.

"Kamphepo! Kamphepo-o! Bwera tidumphe!"

Chingwe chinkamenya pansi. Thya, thya, thya! Miyendo ya Kamphepo inayamba kuvina yokha. Dzanja linayamba kumasula tsache.

"Ndikubwe..."

Anadzigwira pakamwa. Anayang'ana tsache. Tsache silisesa lokha.

"Lero ayi, Chitete!"

"Kamodzi kokha!"

"Kamodzi kako ndimakadziwa. Kalibe mchira."

"Wayamba kulankhula ngati amalume ako!"

"Ndamva zimenezo!" anakuwa a Malume pakhonde.

Chitete anathawa akuseka.

Kamphepo anasesa khitchini. Anasesa pakhomo. Anawola zinyalala. Anakazitaya. Anaimika tsache kuseri kwa chitseko.

"Iwe watha. Gona tsopano."

Kumpopi ndowa inasintha kulira. Kamphepo anathamanga. Madzi anali pakamwa pa ndowa. Anatseka mpopi. Ananyamula ndowa ndi manja awiri. Madzi pang'ono anamutayikira m'mapazi. Anaifikitsa.

Anayang'ana mwala. Theka linali padzuwa.

Anakasamba. Anasamba mofulumira. Diresi linali pampando. Nsapato zinali pansi pake. Sanayang'ane chilichonse pansi pa bedi.

Anathamangira kuchingwe. Anakhudza thewera loyamba. Louma! Anakhudza lachiwiri. Louma! Anakhudza lina. Louma!

Anafika kumapeto kwa chingwe. Panali mpata. Thewera limodzi panalibe.

Mphepo inali italigwetsa. Linali pansi. Linali ndi dothi. Nkhuku inali italipondanso.

"Mayo ine!"

Kamphepo anayang'ana mwala. Mthunzi unatsala ngati chala.

A Malume anali kulongedza nyundo. Anatseka botolo la guluu. Anayang'ana ndodo yawo.

"Lisiye limenelo," anatero.

"Ayi, Malume. Ili ndiye lalikulu. Ili ndiye lofewa."

"Mthunzi sudikira thewera."

Kamphepo anazungulira. Anapita uku. Anabwerera uku. Kenako anaima. Anapuma mpweya wambiri.

"Choyamba n'chiti?" anadzifunsa.

Anathira madzi m'beseni. Anachapa thewera lija. Anatsukuluza. Anafinya mpaka manja anawawa. Analikoleka pachingwe. Kenako anaanula ouma aja. Anawapinda. Anawaika m'chikwama cha nsalu.

A Malume anaimirira. Mwala wonse unali padzuwa.

"Ndanyamuka."

Go, go, go. Ndodo inatuluka pakhomo.

Kamphepo anakhudza thewera lija. Linali lonyowa. Akaliika m'chikwama, linyowetsa anzake. Akalisiya, khanda lisowa lofewa.

Anakoleka chikwama kumsana. Anakoka chitseko. Anagwira thewera m'makona awiri. Analikweza pamwamba pa mutu. Anathamanga.

Thewera linauluka kumbuyo kwake. Pha, pha, pha!

Anawapeza a Malume. Anawapitirira. Anafika kwa wometa. Anatembenuka. Anabwerera kwa a Malume. Anatembenukanso.

"Wapenga?" anafunsa a Malume.

"Ndikuyanika!"

Wometa anatuluka ndi lumo m'manja.

"Madala, mwagula ndege?"

"Meta anthu, iwe. Za eni zisiye."

Kamphepo anathamangira kutsogolo. Anathamangira kumbuyo. A Malume ankayenda njira imodzi. Kamphepo ankaiyenda katatu. Thukuta linatsika. Thewera linayamba kupepuka.

Anafika pamalo okwerera basi. Anthu anali ambiri. Kamphepo anaima. Anadikira a Malume. Anawoloka msewu limodzi. Kenako anayambanso. Pha, pha, pha!

Chipatala chinaonekera. Geti linali lotsegula. Anthu ankalowa.

Kamphepo anafika pageti. Anayang'ana kumbuyo. A Malume anali kutali. Bondo linali litavuta. Ankayenda pang'ono, n'kuima. Ankayenda pang'ono, n'kuima.

Mlonda anayang'ana wotchi yake.

"Ndiwe wa dzulo uja? Lowa. Koma mwana salowa yekha."

"A Malume ali apo!"

"Afulumire."

Kamphepo anaponda uku. Anaponda uku. Belu linali lende pakhoma. Chingwe chake chinkagwedezeka ndi mphepo.

Anamupatsa mlonda chikwama.

"Ndigwirireni, bambo. Ndikubwera!"

"Onse amatero," anatero mlonda.

Kamphepo anathamangira kwa a Malume. Anaima pambali pawo.

"Gwirani phewa langa, Malume."

"Ndine katundu ine?"

"Gwirani basi."

A Malume anang'ung'udza. Koma anagwira. Ndodo mbali iyi. Kamphepo mbali iyo. Miyendo ya Kamphepo inkafuna kuuluka. Iye anaikaniza. Phazi limodzi. Phazi lina. Phazi limodzi. Phazi lina.

Anafika pageti.

"Wabweradi," anatero mlonda. Anamubwezera chikwama. "Lowani. Nthawi ikadalipo."

Analowa. Khonde la chipatala linali lalitali. Linkanunkhira mankhwala. Namwino anawalozera beseni ndi sopo. Anasamba m'manja. Kenako anawalozera chitseko.

M'chipindamo munali mabedi ambiri. Kamphepo anayang'ana uku. Anayang'ana uku.

"Kamphepo, mwanangu!"

Amayi anali pafupi ndi windo. Anali ataonda pang'ono. Kumutu analibe duku. Duku lija anali atakulungira khanda.

"Matewera anatha usiku," anatero amayi. "Ndinasowa chochita."

Kamphepo anagwetsa nkhope.

"Ndinachedwa ndine, amayi."

"Lero wafika. Tione."

Amayi anatsegula chikwama. Anakhudza matewera. Anawanunkhiza.

"Ouma bwino. Achimwene, mwachapa ndinu?"

"Ine? Ndi bondo ili? Wachapa ndi mphepo yakoyi."

Kamphepo anapereka lalikulu lija. Amayi analiika patsaya. Linali louma. Linali lofunda.

"Ili mwasita?"

"Ayi. Ndathamanga nalo."

Amayi sanamvetse. Anayang'ana a Malume.

"Usandifunse," anatero a Malume. "Tauni yonse yationera."

Amayi anamasula duku. Anamuveka mwana thewera lofewa. Anamukulunga m'kansalu.

"Khala apa, Kamphepo. Khala bwinobwino. Tambasula manja."

Kamphepo anakhala pabedi. Amayi anamuika mwana m'manja mwake.

Anali wopepuka. Anali wofunda. Tizala take tinali ngati timachesi. Anatsegula diso limodzi. Anamuyang'ana Kamphepo. Anayasamula.

"Moni, mlongo wanga," ananong'ona Kamphepo. "Ndine chemwali wako."

A Malume anaweramira pafupi.

"Mphuno ndi ya kwathu," anatero. "Pepa, mwanawe."

Amayi anaseka.

Kenako Kamphepo anamva kutentha pamwendo. Kutenthako kunafalikira. Diresi labuluu linada pabondo.

"Amayi! Wanyowetsa!"

"Lomwe lija?" anafunsa a Malume. "Lomwe tayenda nalo ngati mbendera?"

"Lomwelo!"

"Ntchito ya m'mawa wonse! Waimaliza asanatipatse n'komwe moni."

A Malume anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Mayi wa bedi loyandikana anasekanso. Namwino anasuzumira pakhomo. Anaika chala pakamwa. Koma nayenso ankamwetulira.

Amayi anatambasula manja.

"Bwera naye ndimusinthe."

"Musinthireni pompano, amayi. Pamiyendo pangapa."

"Sutopa?"

"Ayi. Ouma alipo ambiri."

Amayi anamusintha mwana pomwepo. Kamphepo anamugwira mutu. Mwana anagwira chala cha chemwali wake. Anachigwira zolimba. Anatseka maso.

Kamphepo anakhala phee. Amayi anatsamira phewa lake. A Malume anawongola bondo pampando.

Anakhala choncho onse anayi, mpaka belu linalira.